Kiyi Amene Anakana Womudula

Kuseri kwa msika, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa machaja a foni, pali kashopu kopapatiza koti munthu wa mimba yake amalowamo chammbali. Mmenemo ndimo mumapezeka a Makiyi. Dzina lenileni ali nalo, lili pa chiphaso, koma mukawaitana nalo amacheuka kuti aone amene mukumuitanayo. Ndi munthu wamtali, woonda ngati mpini wa tsache, ndipo m'thumba la malaya, mmene anthu ophunzira amaikamo cholembera, iwo amaikamo katupa kopalira makiyi. Ngakhale kumaliro amapita nako. Wosoka nsapato amati akukonzekera geti lakumwamba, poti mwina sadzawatsegulira mwaulemu.

Mantha anabadwa nawo. Osati mantha a njoka kapena a galu wachiwewe, amenewo ndi mantha anzeru. Awo anali mantha opanda mwini. Ankadzuka m'mawa mtima ukugunda kale thi thi thi, ngati wina wawathamangitsa kutulo, koma ukawafunsa chimene akuopa, yankho palibe. Kusukulu aphunzitsi akangoti, "Iwe wamtaliwe, imirira uwerenge," malovu ankauma, buku n'kuyamba kuvina m'manja, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Bambo awo ankati, "Mwana wamwamuna wanji wonjenjemera ngati nkhuku yonyowa?" Mawu amenewo anawalowa ngati dzimbiri, ndipo dzimbiri likalowa m'kati mwa loko silichoka ndi kupukuta kunja.

Sukulu itawakana, anawatenga malume awo, eni ake a kashopuko. Nkhalamba ija inali ndi malamulo awiri okha. Loyamba: "Kiyi umukope mmene alili, usamuphunzitse nzeru." Lachiwiri: "Kiyi akakana, usalimbane naye. Mudetse ndi utsi wa machesi, umulowetse, upotoze pang'ono. Pamene pawala ndi pamene loko akudandaula. Pala pamenepo." Ntchito anaigwira msanga, pakuti loko sayang'ana munthu kumaso. Akakhala okha, manja ankamvera bwinobwino. Koma kasitomala akangoima pakhomo n'kumayang'anitsitsa, basi, njenjenje, katupa kakuphonya.

Mankhwala anawapeza ali ndi zaka makumi awiri. Mnzawo wina wachifundo anawapatsa kabotolo nati, "Tangonyowetsa kukhosi." Ananyowetsa. Manja phee. Mtima zii. Tsiku limenelo anayang'ana kasitomala m'maso koyamba, mpaka anamuseketsa. Ndani akanakana dokotala wotere, wopanda mzere, wopanda jekeseni? Poyamba kanali kamodzi m'mawa. Kenaka m'mawa ndi masana. Kenaka dokotala uja anasamukira m'nyumba n'kuyamba kulamula.

Anakwatira mkazi wosoka zovala, wa mawu ochepa koma olemera. Anabereka mwana mmodzi wamkazi, amene bambo ake anamutcha Kaloko, chifukwa ali wamng'ono akatseka pakamwa kukana mankhwala panalibe supuni yotsegula. Ndiye mverani chodabwitsa. Nyumba ya munthu wodulira tauni yonse makiyi inali ndi kiyi mmodzi yekha. Wachiwiri anatayika ku bala. "Ndidula mawa," ankatero a Makiyi, ndipo mawa limenelo linatha zaka khumi ndi zisanu. Poti mkazi ankasokera pakhomo, kiyi ankayenda ndi bambo. Loko wake anali uja wodzitsekera yekha chitseko chikangomenya, ndipo anaona zakuda. Bambo akabwera atakhuta ankakanda, kubaya, kupotoza mokakamiza, kwee kwee kwee, ngati khoswe wolusa, mpaka loko n'kugonja chifukwa chotopa.

Tsoka silinunkha. Kaloko ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anatentha thupi, mayi ake n'kuthamanga naye kuchipatala, chitseko n'kudzitsekera kumbuyo. Bambo analonjeza kuti masana akhala ali pakhomo. Masana anawapeza ku bala. Mvula inagwa ya mkokomo, ndipo mayi ndi mwana anaima pakhonde lopanda denga mpaka dzuwa kupendeka. Mwana anagwidwa chibayo, anagona m'chipatala milungu itatu, manda anawasuzumira n'kubwerera. Tsiku lotuluka, amake Kaloko sanatukwane, sanalire. Anangotambasula dzanja.

"Kiyi."

Mawu amodzi okhawo. A Makiyi anapereka. Kuyambira tsiku limenelo anagona pa benchi m'kashopu, miyendo itapinda poti benchi linali lalifupi. Anthu anauza mayi uja kuti asinthe loko. Iye anati, "Loko sanalakwe."

Anamwanso zaka zisanu ndi chimodzi, tsopano ali ndi chifukwa chomveka. Tsiku lina anagwa chafufumimba pashopu akusanza magazi, wosoka nsapato n'kuwanyamula pa wilibala ngati thumba la makala. Kuchipatala, dokotala wina wamkazi atawafunsa mafunso ambirimbiri anati, "Bambo, mowa ndi mlendo chabe. Mwini nyumba ndi matenda a nkhawa."

"Alinso ndi dzina?" anadabwa a Makiyi. Zaka zonsezi ankaganiza kuti dzina lake ndi nkhuku yonyowa.

Anasiya. Kulemba n'kosavuta, mawu amodzi, koma milungu yoyamba thukuta linkanyowetsa benchi, ndipo ankaona makiyi apakhoma akuyenda ngati mphemvu. Lachinayi lililonse madzulo anayamba kupita ku gulu la anthu osiya mowa, m'kalasi ya ana pasukulu ina, madoda ndi ntchembere atakhala pa timadesiki mawondo ali kuchibwano. Mowa unachoka, koma mantha anabwerera ndi abale awo. Potseka shopu ankabwerera kasanu kudzagwedeza loko.

"Kachinayi ako, a Makiyi!" ankafuula wosoka nsapato. "Kwatsala kamodzi, musatibere!"

Iwo ankaseka ndi mano okha. Mumtima ankadzida. Ankakhulupirira kuti munthu akasiya mowa amasanduka watsopano, wowala ngati kiyi wa m'paketi. Anagula malaya oyera n'kuwapachika pa msomali, nati tsiku limene manja adzasiye kunjenjemera adzavala n'kukaonekera kwa amake Kaloko. Malaya anakhala pa msomali zaka ziwiri, akudyedwa ndi fumbi la mkuwa.

Loweruka lina masana pakhomo pa shopu panada. Atakweza maso anaona Kaloko, mayi wathunthu tsopano, atavala yunifolomu ya ku fakitale ya sopo, nkhope ya amake yeniyeni.

"Bambo."

"Kaloko! Mayi, khalani apa, ndipukute kaye..."

"Sindikhala. Amayi anagwa mwezi watha. Mbali imodzi inafa, sadzuka okha. Azakhali amene amawasamala akubwerera kwawo mawa. Ine ndimanyamuka sikisi koloko, ndipo foni timasiya pageti la fakitale. Mapiritsi awo ndi eyiti koloko, adokotala anati tisadumphitse ngakhale tsiku limodzi." Anawayang'ana m'maso. "Akuti munasiya."

"Zaka ziwiri ndi miyezi itatu."

"Sindinafunse masamu. Ndilibe wina, n'chifukwa chake ndabwera. Dulani wanu, muyambe Lolemba. Koma mundimvetse, bambo. Mukangolephera tsiku limodzi, kapena ndikangomva kafungo, kiyi ndilanda. Ndipo musadzabwerenso, ngakhale pamaliro."

Anaika kiyi patebulo, gwe. A Makiyi anamunyamula ngati dzira. Anali yemwe uja, koma atatha: wopyapyala ngati tsamba, mano osalala ngati a nkhalamba, msana wopindika pang'ono. Anadziwa amene anamupinda. Chipsera chilichonse pa kiyiyo chinali tsiku limene iwo anabwera atakhuta. Manyazi anawagwira. Akope chinthu chotere? Alowe m'nyumba ya mkazi wawo atanyamula mbiri yonse ija m'thumba?

"Tapitani mukapereke moni kwa aneba," anatero, poti mwana akuyang'ana manja anali atayamba kale gule wawo.

Atatsala okha sanamuike kiyi wakale pa makina okopera. Anatenga kiyi wosadula, anamumanga pa vayisi yopanira zitsulo, n'kudula ndi manja, osati mmene kiyi alili koma mmene analili tsiku limene anatuluka m'sitolo: mano aatali, akuthwa, msana wowongoka. Anamupukuta mpaka waliwali. Sanadulepo kiyi wokongola chotero. Malume awo akanakhala moyo akanawakhoma ndi chigwiriro cha hamala, koma akufa sayendera mashopu.

Kasitomala aliyense a Makiyi amamuuza kuti, "Kayeseni lero lomwe, akakana mubwere." Iwo eni Lamlungu anavala malaya oyera aja kuti akayese, anafika pa siteji ya basi, mtima unayamba thi thi thi, anabwerera. Anati ndiyesa mawa. Mawa lawo lija munalimva kale.

Lolemba anakwera basi ziwiri n'kufika hafu pasiti seveni. Nyumba inali yomwe ija, penti yokha itasuwa. Zenera la pambali pa chitseko linali lotsegula pang'ono kuseri kwa zitsulo zake, katani itatsekedwa. Kaloko anali atanena kuti bedi la amake analisamutsira pabalaza, pafupi ndi zeneralo, ndipo mapiritsi ali kukhitchini pamwamba pa kabati.

Analowetsa kiyi. Analowa mokakamira. Anapotoza. Gwa.

Anamutulutsa, anamuuzira mpweya, anamulowetsanso. Gwa. Anakoka chitseko, anakankha, ananyamula ndi bondo. Gwa. Thukuta linayamba kuyenderera m'malaya oyera aja. Manja anayamba, kiyi akugogoda pa chitsulo, akuphonya bowo, akukanda. Kwee kwee kwee.

Kuseri kwa katani kunamveka mawu olemera, okoka lilime, koma anawadziwa.

"Atate ake Kaloko."

"Ndine, mayi."

"Mwamwa?"

"Ayi! Ndikulumbira, sindinalawe."

Mayi anati: "Kukanda kwake ndi komwe kuja."

Akanawamenya ndi chitsulo pamutu zikanakhala bwino. Chifuwa chinatseka, mpweya unkalowa ngati podzera mu udzu womwera, msewu unayamba kupendekera. Zida zonse anazisiya kushopu, ulendo wa basi ziwiri. Kuthyola chitseko? Ndiye Kaloko adzapeze chitseko chili pansi tsiku loyamba, adzati chiyani? Kuitana aneba? Aneba omwe aja amene ankawaonera pa mpanda zaka zonse zija? Wotchi inati kwatsala mphindi khumi. Miyendo inaganiza yokha. Inawatenga kutsika msewu, ndipo njira inkaidziwa bwino kuposa mutu.

Bala ya pakona inali itatsegula kale, mwini wake akukolopa. Anali atanenepa, tsitsi litathawa.

"Aaa! Akufa adzuka! Bwana Makiyi, mwasowatu! Malaya oyera ngati mukukabatizidwa. Yomwe ija?"

Tambula ya mowa inabwera yokha pa kauntala. Fungo linawalonjera ngati m'bale. Ndipo musaganize kuti satana amabwera ndi nyanga. Anabwera ndi nzeru zabwino kwambiri. Anati: kamodzi kokha, manja akhala phee, ukatsegula msanga, mayi amwa mapiritsi pa nthawi yake. Sukumwera iwe ayi, ukumwera wodwala. Dzanja linafika pa tambula. Mowa unayamba kugwedezeka, kutayikira pa zala.

Pambali pa tambula panali bokosi la machesi la anthu osuta. A Makiyi analiyang'ana nthawi yaitali. Sikuti anakhala olimba mtima mwadzidzidzi, ayi, tisawanamizire. Mantha awiri ndiwo anakangana m'mimba mwawo, a chitseko ndi a mphuno ya Kaloko, ndipo ali mkati mokangana, mawu a malume anapeza mpata. Kiyi akakana, usalimbane naye.

"Ndibwerekeni machesiwa."

"Machesi? Nanga uwu?"

"Imwani ndinu. Mwaonda."

Anabwerera akupukuta zala pa buluku. Pakhomo sanaime, anakhala pansi pa sitepe, malaya oyera ndi fumbi lomwe. Mtengo woyamba wa machesi unathyoka. Wachiwiri unazima ndi kunjenjemera. Wachitatu unagwira, ndipo anadetsa kiyi wokongola uja mpaka bii. Anamulowetsa, anapotoza pang'onopang'ono, anamutulutsa. Panawala malo atatu: nsonga za mano awiri ndi pamsana. Anaseka kuseka kowawa. M'kati mwa lokoyo munali mopindika, mophwanyika, ndipo anamuphwanya ndi iwo omwe. Loko ndi kiyi wakale anakalambira limodzi, anazolowerana zilema. Mlendo wa mano akuthwayu loko sankamudziwa.

Anatulutsa katupa m'thumba.

"Munapita pakona," anatero mawu a kuseri kwa katani.

"Ndinapita."

"Ndiye?"

"Anathira. Ndinagwira tambula. Ndabwera ndi machesi okha." Anapala kawiri, katupa kakuterereka. "Amake Kaloko, pali chimene sindinakuuzeni chikwatirane. Manja awa si mowa ayi. Ndinabadwa nawo. Ndimaopa. Ndimaopa anthu, ndimaopa m'mawa, pano ndikuopa chitseko ichi. Mowa ndinkamwera kuti musaone. Ndinadikira zaka ziwiri kuti zithe ndibwere ndili munthu, koma sizikutha. Adokotala akuti mwina sizidzatheratu."

Anadikira. Galimoto inadutsa. Kenaka kunamveka kaphokoso kachilendo, ngati munthu wotsamwa, ndipo anadzidzimuka asanazindikire kuti mayi akuseka ndi theka la pakamwa.

"Inu... mumayesa ndinalibe maso? Tsiku loyamba munabwera kwathu, tiyi yense anathera m'sosala. Amayi anati, mwamuna wakoyu akudwala malungo?" Anapuma, poti mawu ankawatopetsa. "Ine ndinakwatiwa ndi munthu wonjenjemera. Wosanjenjemera uja, wobwera akuimba, ameneyo sindinkamudziwa. Ndi amene ndinamulanda kiyi."

Misozi ya a Makiyi inkagwera pa kiyi n'kumachotsa utsi, mpaka anayatsa machesi ena.

"Zaka zonsezi," anatero a Makiyi.

"Zaka zonsezi. Madzi akatayika saoleka, bambo. Palani kiyiyo, ine ludzu landipha."

Anapala. Kudetsa, kulowetsa, kuwerenga, kupala. Manja sanasiye kunjenjemera ngakhale pang'ono, ndiye anatsamiritsa chigongono pa bondo, n'kumapala pakati pa kunjenjemera kumodzi ndi kunzake, ngati munthu wowoloka msewu wa magalimoto ambiri. Anafupikitsa mano, anawasalaza, anapyapyalitsa msana, ndipo pomaliza anamuika kiyi pa mphepete mwa sitepe n'kumupinda pang'ono ndi chidendene cha nsapato. Atamuyang'ana, anali kiyi wakale uja ndendende, wonyansa, wokalamba tsiku lobadwa.

Kachisanu ndi chiwiri, loko anati kho.

Nthawi inali itadutsa ndi mphindi makumi anayi. Pabalaza pankanunkha mankhwala ndi sopo. Makina osokera anali pakona atafunditsidwa nsalu. Mayi amene anali pabedi anali wamng'ono kuposa amene anawalanda kiyi, tsitsi mbuu, dzanja lamanja litagona pachifuwa ngati si lawo. Anayang'anana. A Makiyi anathamangira kukhitchini, anabwera ndi mapiritsi ndi kapu, ndipo theka la madzi linathera pa bulangeti.

"Mwaona?" anatero amake Kaloko. "Yemwe uja."

Madzulo Kaloko atabwera sanapereke moni. Anayandikira bambo ake ngati akufuna kuwachotsa kanthu pa kolala, n'kukoka mpweya ndi mphuno. Anayang'ana malaya akuda ndi utsi, anayang'ana mitengo ya machesi pa sitepe, kenaka kiyi.

"Uyu ndi uja munadula Loweruka? Wowala uja?"

"Yemweyo. Ndinachedwa ndi mphindi makumi anayi, mayi. Ndinalakwitsa kudula. Ndipo ku bala ndinalowa, koma sindinamwe. Ndati mumve kwa ine."

Kaloko anatembenukira kwa amake. Amake anatseka maso, ngati nkhaniyo siikuwakhudza. Pakamwa pa mwana panakhala potseka nthawi yaitali, monga mwa dzina lake.

"Mawa mufike seveni," anatero.

Musayembekezere ukwati wachiwiri. Amake Kaloko sananene kuti bwererani kunyumba, ndipo a Makiyi sanapemphe. Miyezi isanu ndi iwiri ankafika m'mawa, kuwamwetsa, kuwatembenuza, kuwapesa tsitsi mokhotakhota, madzulo n'kubwerera ku benchi lawo lalifupi. Masiku ena ankacheza. Masiku ena mayi ankakumbukira mvula ija n'kutembenukira kukhoma tsiku lonse, ndipo bambo ankakhala pa mpando chete, osadziteteza. Mvula itayambanso, m'mawa wina wa Lachitatu, mayi anagwanso kachiwiri ali m'manja mwawo, kapu ili pakamwa. Sanadzukenso.

Pamaliro anawalola. Anakhala kutsogolo, katupa kali m'thumba. Atabalalika anthu, anatulutsa kiyi n'kumupereka kwa Kaloko, poti ntchito inali itatha. Kaloko anamuyang'ana kiyi wakuda uja.

"Ndimutani ine? Ndili naye wanga."

Mpaka lero a Makiyi ali pa kashopu kaja. Lachinayi amapita kukakhala pa kadesiki ka ana. Mankhwala a nkhawa amamwa, masiku ena amathandiza, masiku ena mtima umadzuka m'mawa uli kale pa liwiro. Potseka amabwererabe kasanu, ndipo wosoka nsapato akawerenga mokweza, iwo amayankha kuti, "Werengani bwino, aphunzitsi, dzulo munandibera kamodzi." Kasitomala akaima n'kumayang'anitsitsa, samuthamangitsanso. Amangoti, "Manja angawa amavina, koma kiyi wanu atsegula. Mukafuna zachangu yang'anani kumsewu."

Lamlungu amakwera basi ziwiri kukaona Kaloko. Mwana amakhala ali m'nyumba, amamva bambo ake akufika pa sitepe, koma sadzuka kukatsegula. Amasiya chimene akuchita n'kumamvetsera kiyi akugogoda pa chitsulo, akuphonya, akukanda, mpaka loko atati kho. Bambo akalowa, maso awo amayamba apita pa zenera paja pamene panali bedi, kenaka ndiye amapereka moni.